Funsani Azakhali: chofunda cha zigamba za chitenje

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za zofunda. Si zodabwitsa, Juni ali pakhomo. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

Azakhali, alamu anga ndi telala wa pakhonde ndipo andipatsa thumba lodzaza ndi zidutswa za chitenje. Ndikufuna kusoka chofunda cha zigamba cha bedi la anthu awiri kuzizira kusanafike. Makina ndili nawo, Singer yopalasa. Ndiyambire pati? — Mayi wa ana atatu, Dedza

Mayi, makinawo ayambe apuma. Khuthulani thumbalo pamphasa, musankhe. Zidutswa za kwa telala zimakhala zosakanikirana: china cha thonje, china cha poliyesitala, china lainingi woterera wa m'kati mwa madiresi. Zonsezi zikalowa m'chofunda chimodzi, tsiku lochapa thonje lifupika pomwe poliyesitala akhala momwe analili, ndiye chofunda chichita matumbamatumba. Chidutswa chimene mukuchikayikira, dulaniko kansonga muyatse ndi machesi panja. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka, amanunkha pulasitiki, ndipo amasiya kambulu kolimba. Sungani za thonje zokha, zinazo mudzapakire m'mapilo.

Kenako chapani zonse, zofiira ndi zakuda pazokha, muyanike pamthunzi, musite. Chitenje chatsopano chimakhala chouma ndi sitachi, ndipo kukula kwake kwenikweni kumadziwika chikalowa m'madzi.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi ntchito ili pakati. Matiresi a anthu awiri amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi ndi 190 m'litali, choncho chofunda cha 210 mbali zonse chimakwana n'kulendewerako pang'ono. Zidutswa za kwa telala nthawi zambiri zimatulutsa tisikweya ta masentimita 12, tomwe tikasokedwa ndi msoko wa sentimita imodzi mbali iliyonse timatsala 10. Mukafuna kuti chofunda chonse chikhale cha tisikweya timeneti, mufunika 441. Amenewo ndi masabata ambiri a msana wowawa, ndipo Juni akupezani musanamalize.

Njira yomwe ndimaikonda ndi ija azungu amaitcha Nine Patch. Mumalumikiza tisikweya 9, titatu m'mizere itatu, n'kupanga sikweya imodzi yaikulu ya masentimita 30. Pambali pake mumaikapo nsalu yopanda maluwa, yodulidwa masentimita 32, yomwe ikasokedwa imatsalanso 30. Mukasinthanitsa choncho, 7 m'lifupi ndi 7 m'litali, mufunika masikweya olumikiza 25 ndi opanda maluwa 24. Tisikweya ting'onoting'ono tatsika kufika 225. Phindu lina ndi la maso. Chitenje chathu chili ndi phokoso: maluwa aakulu, mbalame, mitundu yowala. Mukagundanitsa zitenje zokhazokha, palibe chimene chimaoneka. Nsalu yakuda kapena yabuluu woderako pakati pake imachititsa kuti duwa lililonse lionekere palokha. Yoyera ndi yokongola pa chithunzi, koma ndi ana atatu ndi fumbi la Okutobala, ine sindingakulimbikitseni.

Podula, musayese chidutswa chilichonse ndi tepi. Dulani katoni yolimba ya masentimita 12 mbali zonse, muonetsetse kuti makona ake ndi owongoka poyerekeza ndi kona ya buku, ndipo muzilemba mozungulira katoniyo ndi pensulo kumbuyo kwa nsalu. Katoni imadyeka m'mbali, ndiye ikayamba kufumbwa dulani ina. Muziyala katoniyo motsata ulusi wa nsalu, osati mopendeketsa. Cholakwika cha mamilimita awiri pa kasikweya kamodzi sichioneka, koma pa mzere wa tisikweya 21 chimapitirira masentimita anayi, ndipo palibe simbi imene ingachiwongole.

Pamakina, matani kapepala kapena selotepi pa sentimita imodzi kuchokera pa singano kuti mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo. Sokani tiwiritiwiri motsatizana osadula ulusi, mudzadule pamapeto. Ulusi umapulumuka, nthawinso. Mzere uliwonse ukatha, sitani misoko yake kugwera mbali imodzi, mzere wotsatira kugwera mbali inayo. Polumikiza mizere iwiriyo misoko imakolana yokha, mumachita kumva ndi chala.

Ngati simunasokepo zigamba, yambani ndi kachofunda ka mwana ka masentimita 90 ndi 120. Kameneka kamafuna masikweya olumikiza 6 ndi opanda maluwa 6. Dzanja likazolowera pamenepo, la bedi lalikulu liyenda mofulumira.

Azakhali, ndine mnyamata, ndikuphunzira utelala. Ndinaona pa Facebook zofunda za tizidutswa ta makona atatu, koma ndikasoka zanga zimapindika ndipo nsonga sizikumana. Kodi vuto ndi makina? — Wophunzira, Mzuzu

Mwana wanga, makina asiyeni, alibe mlandu. Nsalu ikadulidwa mopendeketsa, kuchoka kona kupita kona, imatamuka ngati lasitiki, ndipo mukaikoka pang'ono posoka imatalika osabwereranso. Chinsinsi chake n'kusoka kaye, kudula pambuyo. Tengani masikweya awiri ofanana, wina wowala wina wakuda, muwagoneke moyang'anizana maluwa m'kati. Lembani mzere kuchoka kona kupita kona. Sokani mbali iyi ya mzerewo, sokaninso mbali inayo, kenako dulani pamzere penipeni. Mukatambasula mupeza masikweya awiri, aliyense theka lowala theka lakuda. Posita musakhwekhwereze simbi, muziiika n'kuinyamula. Mukatero yesaninso ndi katoni yanu, mudule zotsalira kuti onse afanane.

Koma poti mukuphunzira pa zidutswa za abwana anu, ndikudziwa kuti zambiri ndi tinsalu tatitali topyapyala totsala podula masiketi. Timeneti timayenera Log Cabin, kasokedwe komwe kanatchuka ku America m'zaka za m'ma 1860. Pakati mumaika kasikweya, kale kankakonda kukhala kofiira poimira moto wa m'nyumba, ndipo mumazunguliza tinsalu ta masentimita 5 m'lifupi, kamodzikamodzi: mbali ziwiri zowala, mbali ziwiri zakuda. Palibe nsonga yoti ikumane ndi inzake. Mukasoka masikweya 16 otere, ayaleni pansi muziwatembenuza, muona mizere, masitepe ndi madayamondi zikutuluka pa masikweya omwewo. Ngati tinsaluto n'tofooka, tisokereni pamwamba pa nsalu ya bedi yakale yodulidwa masikweya.

Singano ya nambala 14 ikwanira chitenje. Mukadzalowetsamo jinzi, sinthani muike 16 kapena 18.

Azakhali, pamwamba ndamaliza. M'kati ndiikemo chiyani? Siponji ya m'sitolo ndi yodula, ndipo nditayesa kusoka nsalu zitatu pamodzi yapansi inakwinyika. — Mayi wa Mvano, Thyolo

Bulangete lakale lopyapyala limagwira ntchito bwino, bola lichapidwe ndipo lisakhale ndi zibowo zazikulu. Nsalu ya fulanelo ya pa kaunjika nayonso ndi yabwino, ndipo imauma msanga, chomwe n'chofunika kwanuko kumene chiperoni chikatera zovala zimatha masiku pachingwe. Siponji yokhuthala ija ya m'mipando musaikemo: siifunda thupi, ndipo imanyenyeka ikachapidwa kangapo. Ya pansi, ngati mukufuna chitenje, gulani mamita 5, mudule pakati, mulumikize m'litali. Zitenje ziwiri za mamita awiri zimapereŵera, chifukwa nsalu ya pansi iyenera kupitirira ya pamwamba ndi chikhatho mbali zonse.

Kukwinyikako kumabwera chifukwa mano a makina amakoka nsalu ya pansi pomwe phazi likukankha ya pamwamba. Yalani zitatuzo pansi posesa bwino, ya pansi muikoke ndi kuitsindira ndi njerwa zokulunga m'nsalu. Mangani ndi mapinifolo motalikirana chikhatho chimodzi, kuyambira pakati kupita m'mphepete. Posoka yambaninso pakati, talikitsani sitichi kufika mamilimita atatu, ndipo masulani pang'ono sikuluwu ya pamwamba yomwe imapanikiza phazi.

Kunena zoona, chofunda chachikulu pa makina opalasa ndi nkhondo, ndipo ine ndimachimanga pamanja. Tengani singano yaikulu ndi ulusi wokhuthala, mubaye pa kona iliyonse ya sikweya kudutsa nsalu zonse zitatu, mubwerere pamwamba, mumange mfundo iwiri, mudule n'kusiya tinsonga. Mukaitana amayi anzanu atatu a Mvano, madzulo amodzi chatha. M'mphepete mutsekere ndi nsalu ya masentimita 6 yopindidwa pawiri.

Ngati kachofundako ndi ka khanda, musamange mfundo, musaikepo mabatani kapena mikanda, ndipo kakhale koyala pansi posewera, osati komufunditsa akagona. Chofunda cholemera chikhoza kumutseka mphuno.

Azakhali, mayi anga anamwalira chaka chatha. Pogawa katundu ndinapatsidwa zitenje zawo zisanu ndi ziwiri, zina za kumpingo, zina zothaitha. Sindizivala, zangokhala m'sutikesi. Ndikuganiza zozisoka chofunda koma dzanja likunjenjemera kuzidula. Kodi n'kulakwa? — Mwana wawo wamkazi, Johannesburg

Pepani kwambiri, mwana wanga. Kulakwa ayi, zitenjezo ndi zanu, anakupatsani pamaso pa abale. Komabe imbirani foni azakhali anu kapena mayi aang'ono muwauze maganizo anuwo musanagwire sizasi. Mabanja amasiyana pa nkhani ya zovala za malemu, ndipo mawu oti "anadula zitenje za mayi osatiuza" ndi ovuta kuwafafaniza. Mwinanso mng'ono wanu angakonde kuti mumusokere pilo pa zotsala.

Simuli nokha pa maganizo amenewa. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, amayi akhala akusoka zofunda ndi mathalauza ndi malaya akumunda otha ntchito, ndipo mmodzi mwa iwo anasoka chake ndi zovala za malemu mwamuna wake. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Houston, kenako ku New York, ndipo zomwe anthu ankazichemerera ndi zigamba zosafanana, mawondo osuluka ndi pomwe panali matumba. Ndiye kutha kwa zitenje za mayi anu kusakudetseni nkhawa.

Poti dzanja likukana kudula tizidutswa, musadule ting'onoting'ono. Zitenje za kumpingo zili ndi mawu ndi zizindikiro. Dulani masikweya aakulu oti mawu onse ndi chizindikiro zikhale zathunthu, muwazungulize ndi mizere ya zitenje zamaluwa. Chitenje chilichonse chiyang'anitseni kudzuwa. Pomwe kuwala kukudutsa kwambiri, kawirikawiri pakati pomwe ankakhalira ndi m'makona momwe ankamangira, pamenepo papyapyala ndipo pang'ambika posachedwa. Tengani mbali zolimba, zofookazo muziike nsalu ina yopyapyala kumbuyo.

Pali njira inanso yosafuna makina, yomwe ingakuyenereni ngati kumeneko mulibe. Amayi a mtundu wa Siddi ku Karnataka m'dziko la India, omwe makolo awo anachokera kuno ku Africa, amasoka zofunda zotchedwa kawandi. Amayala nsalu yakale pansi, n'kuyambira m'mphepete: amapinda m'mbali mwa chigamba, amachigoneka, amachisoka pamanja ndi sitichi yowongoka, n'kuika china chopsatira pa chinzake, kuzungulira mpaka kukathera pakati. Palibe kuyeza, palibe katoni. Ndi ntchito yoti muziigwira pang'onopang'ono madzulo mukaweruka. Chitenje chimodzi, chomwe ankachikonda kwambiri, chisiyeni chathunthu chikhale cha pansi, kapena chingotsala m'sutikesimo.

Azakhali, anzanga akuti ndikaviika chitenje m'madzi a mchere sichidzachucha utoto. N'zoona? Komanso ndisoke chiyani choti ndizigulitsa? — Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Za mcherezo musadalire. Mchere umathandiza pa nthawi yonyika nsalu mu utoto, koma nsalu yomwe yatuluka kale kufakitale siugwiritsa. Nyowetsani kona ya chitenje, muipanikize pa kansalu koyera ndi simbi yotentha. Kansaluko kakadetsedwa, chapani chitenjecho chokha m'madzi ozizira mpaka madzi ayere. Chikakana kuyera, chisalowe m'chofunda chomwe muli nsalu yowala.

Za malonda, chofunda chachikulu musayambe nacho. Chimadya masiku ambiri, ndipo wogula amachiyerekeza ndi bulangete la pa kaunjika n'kukuuzani kuti mwadulitsa. Sokani zing'onozing'ono zotuluka msanga: mapilokesi a pampando a masentimita 40 okhala ndi Log Cabin imodzi kutsogolo, zikwama zogulira zinthu kumsika zokhala ndi jinzi pansi, timatumba ta zipi toikamo foni ndi ndalama, timphasa ta patebulo, zogwirira mapoto. Zogwirira mapotozo m'kati muike thaulo lakale la thonje pawiri, osati poliyesitala, angasungunukire m'manja mwa munthu. Poika mtengo werengani ulusi, zipi, nsalu ya pansi, makala a simbi ndi maola anu, ngakhale zidutswazo munapatsidwa ulere. Telala amene akukupatsani lero akadzaona kuti zikukupindulirani adzayamba kukugulitsani, ndiye mtengo wanu ukhale utakonzekera kale zimenezo.