Malonda a mageji a vacuum: kaodedwe kake ndi mmene amathandizira kusunga mafuta

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: mmene malonda athu okaoda zipangizo za galimoto kunja amayendera, komanso ngati kachipangizo kotchedwa vacuum gauge, kamene mwamva kuti kamathandiza kuti galimoto isamamwe mafuta ambiri, ndi katundu woti munthu woyamba kumene angaikepo mpamba wake. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa njira ya ulendo munthu amaidziwa msanga, koma chimene chimabweretsa phindu pa katundu ameneyu ndi kudziwa bwino chimene mukugulitsa.

Ambiri a ife kuno ku Lilongwe timaoda ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam. Basi timakwerera ku Devil Street, n'kutsata msewu wa M1 kudutsa Kasungu, Mzuzu, Chiweta ndi Karonga mpaka pachipata cha Songwe, chimene tsidya la Tanzania amachitcha Kasumulu. Ena amapita ku Johannesburg kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, ena ku Lusaka kudzera ku Mchinji. Pobwera, katundu yense mumamuonetsa kwa a MRA pamodzi ndi malisiti ake, ndipo mumalipira msonkho umene awerengera. Musayembekezere kuti mageji alowa mu dongosolo la COMESA lopeputsira msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono, chifukwa dongosolo limenelo ndi la katundu wopangidwa m'maiko a m'chigawo chino, pomwe mageji ambiri amene timapeza m'masitolo ndi opangidwa ku China. Musalolenso kuti wina akubisireni katundu pansi pa mipando ya basi, popeza akagwidwa woluza ndinu.

Poika mtengo, musawerengere ndalama zimene munagulira zokha, koma zimene mudzafune kuti mukaodenso katundu yemweyo. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama zili m'thumba koma sizikukwanira kudzazanso mashelefu. Dziwaninso kuti mageji satuluka tsiku ndi tsiku monga mafyuluta ndi mapulagi, choncho amayenda ngati katundu woonjezera. Ubwino wake ndi wakuti ndi aang'ono ndiponso opepuka, ambiri ndi a mamilimita 52 m'mimba mwake, ndipo amalowa m'chikwama cha m'manja, malinga mwakulunga bwino galasi lake.

Tsopano za gejiyo. Injini ya petulo imakoka mpweya kudzera pa kachitseko kotchedwa throttle, kamene kamatseguka mukaponda moto. Kachitsekoko kakakhala kotseguka pang'ono chabe, mapisitoni amapitirizabe kukoka, ndipo mu manifold, paipi yogawira mpweyawo ku mapisitoni, mumakhala mphamvu yoyamwa, monga mmene masaya amaphwafukira munthu akamayamwa kapaipi kamene wakatseka ndi chala kumapeto. Geji imayeza mphamvu yoyamwa imeneyo, ndipo manambala ake amayambira pa 0 kufika pa 30. Phazi likapepuka muvi umakwera, kusonyeza kuti mpweya ukulowa wochepa ndipo mafuta akulowanso ochepa. Mukaponda mpaka pansi muvi umagwera pafupi ndi 0, ndipo apo ndi pamene mafuta akutsanulidwa ambiri. Ndiye mvetsani bwino kuti gejiyi siisintha chilichonse mu injini. Ntchito yake ndi kumuonetsa dalaivala zimene phazi lake likuchita. Wogula amene mwamulonjeza kuti akangoimangirira galimoto isiya kumwa mafuta adzabwera kudzafuna ndalama zake, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ndikakhala m'sitolo ku Kariakoo sinditenga katoni yotseka. Geji iliyonse ndimaitulutsa, n'kuona ngati muvi wagona ndendende pa 0, kenako ndimalumikiza kapaipi kake, n'kuyamwa ndi pakamwa, n'kutseka ndi lilime. Muvi uyenera kukwera mosadodoma ndi kuima pomwepo. Ukamatsika wokha pang'onopang'ono ndiye kuti mpweya ukulowa penapake, ndipo imeneyo ndimaibweza pa kauntala. Ndimaonanso kuti m'bokosi muli kapaipi kotalika bwino ndi kolumikizira ka nthambi zitatu, chifukwa popanda zimenezi wogula amavutika nazo kufunafuna m'masitolo a ku Malangalanga.

Funso loyamba kwa wogula aliyense likhale lakuti galimoto yake ndi ya petulo kapena ya dizilo. Injini ya dizilo imawonjezera mphamvu pochulukitsa mafuta, osati potsegula kachitseko ka mpweya, choncho geji imeneyi ilibe choti iwerenge, ndipo eni malole ndi maminibasi a dizilo musawagulitse ngakhale atakakamira. Galimoto ya turbo imafuna geji ina imene imaonetsanso mphamvu yokankha mpweya. Amene gejiyi imawathandiza kwenikweni ndi a galimoto wamba za petulo monga Probox, Sienta, Vitz ndi Corolla, makamaka oyendetsa matakisi amene amakhala pa msewu tsiku lonse. Pomangirira, makaniko alumikize kapaipi pa paipi yaing'ono yochokera mu manifold, kuseri kwa throttle, koma asadule paipi yaikulu yopita ku mabuleki, chifukwa ikayamba kutaya mpweya mabuleki amalimba ndipo ngozi yake ndi yaikulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimabwezetsa katundu kawirikawiri, ndipo ndikupemphani kuti muchisunge. Kapepala ka m'bokosi kamanena kuti injini yabwino, ikamalira galimoto itaima, muvi umakhala pakati pa 17 ndi 22. Manambala amenewo ndi a malo otsika mofanana ndi nyanja yamchere, monga ku Dar es Salaam. Mukakwera mamita pafupifupi 300 muvi umatsika ndi nambala imodzi, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000, choncho injini yomweyo kuno imaonetsa pakati pa 14 ndi 19. Ku Dedza muvi utsikanso, pomwe ku Salima ukwera. Wogula wosauzidwa zimenezi akaona 15 amaganiza kuti mwamugulitsa geji yakufa kapena kuti injini yake yatha, pomwe zonse zili bwino. Ine ndimalemba manambala a kuno ndi cholembera pa bokosi lenilenilo ndisanapereke katundu.

Pa kayendetsedwe, dalaivala aphunzire kunyamuka mofatsa kuti muvi usagwere m'chigawo chofiira cha geji, cha manambala otsika, asinthe magiya msanga, ndipo akafika pa liwiro limene akufuna apeputse phazi mpaka muvi ukwere osataya liwirolo. Ndinakhalapo kutsogolo mu takisi tikukwera kuchokera pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ndipo dalaivala anadabwa kuona kuti atabweza phazi pang'ono chabe, muvi unachoka pa 5 kufika pa 10 koma galimoto inapitiriza kukwera chimodzimodzi. Komabe achenjere ndi chinyengo cha giya yaing'ono. Munthu angathe kuyenda pa giya yachiwiri muvi uli m'chigawo chobiriwira, cha manambala okwera, koma injini ikuzungulira kwambiri pa mtunda waufupi, ndipo mafuta akutha. Chofunika ndi giya yaikulu imene injini ingakoke mosagogoda, ndi phazi lopepuka pa giya imeneyo. Pamtsetse asachotse giya. Akangosiya kuponda moto muvi umapitirira 20, ndipo galimoto zambiri zopanda kabuleta zimadula zokha mafuta pa nthawi imeneyo.

Ogula ena odalirika ndi amakaniko a m'magalaja a ku Biwi ndi ku Kawale, chifukwa kwa iwo gejiyi ndi chida chofufuzira matenda a injini. Muvi wokhazikika koma wotsika kwambiri umaloza ku mpweya wolowera pa gasiketi kapena paipi yong'ambika, kapenanso ku moto wochedwa. Muvi wonjenjemera umaloza ku mavalavu. Ndipo muvi umene ukutsika pang'onopang'ono injini ikulira mokweza umasonyeza kuti ekizozi yatsekeka. Mavuto onsewa amadyetsa mafuta, ndipo galimoto yotere ngakhale dalaivala atayendetsa mosamala bwanji singasinthe mpaka itakonzedwa.

Ngati mwatsimikiza kuyamba, tengani mageji ochepa pamodzi ndi katundu wotuluka msanga, ndipo imodzi muimangirire pa galimoto ya woyendetsa takisi amene mumagwirizana naye. Adzaze thanki, alembe makilomita, ayende monga mwa masiku onse, kenako adzazenso n'kuwerengera makilomita pa lita imodzi. Akatero abwereze zomwezo akutsatira muvi, pa misewu yomweyo ndiponso matayala ali ndi mpweya wokwanira. Manambala amene apezewo ndi amene muziwauza anzake pa siteji, ndipo ndi amenenso akuuzeni kuchuluka kwa mageji oti mukaode ulendo wotsatira.