Kumudzi ndinkagona bwino, nanga ku Lilongwe kuno tulo tapita kuti?

Achimwene ena okhala ku Mtandire anditumizira imelo sabata yatha. Akuti amalondera nyumba ina ku Area 47, ndipo ndalama imene amalandira ikuposa imene ankapeza akulima mtedza kwawo ku Mchinji. Koma kumudzi ankagona bwino. Kuno akaweruka m'mawa tulo sitibwera, mutu umangozungulira, chakudya sichikoma. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndayamba nsanje, kapena ndikudwala?"

Achimwene, nsanje ichotseni kaye pa nkhaniyi. Ku Mchinji mnzanu wa khomo loyandikana ankadya nsima ya nkhwani ngati inu, ndipo njala ikafika mu Febuluwale inkakupezani nonse. Pano usiku mumatsegula geti kuti ilowe galimoto imene mtengo wake simungaupeze ngakhale mutalondera zaka 30, m'mawa n'kuyenda wapansi mphindi zochepa kukafika kunyumba ya lendi imene madzi ake mumakagula pa kiyosiki. Mtandire ndi Area 47 n'zoyandikana, choncho kusiyanako mumakuona tsiku ndi tsiku.

Zimenezi ena anazifufuza konkuno. Mu 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba atsikana ena ankapatsidwa ndalama mwezi uliwonse. Akatswiri ofufuza Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anapeza kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zinachepa mwa atsikana apasukulu amene ankalandira. Chimene chinandigwira mtima ine n'china: atsikana a m'madera omwewo amene sanasankhidwe anayamba kuvutika maganizo kuposa anzawo a kumadera kumene kunalibe wolandira. Palibe anawalanda kanthu. Chinasintha n'chakuti mnzawo wayamba kulandira ndalama iwo akuona. Ngakhale kumayiko olemera, akatswiri ofufuza Richard Wilkinson ndi Kate Pickett anasonyeza mu 2009 kuti matenda a maganizo ndi ochuluka ku America ndi ku Britain, kumene olemera anawasiya kutali osauka, kusiyana ndi ku Japan.

Sindikunena kuti umphawi pawokha supweteka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya shuga ndi mafuta ophikira inathamanga, malipiro a mlonda n'kutsala pambuyo. Onjezanipo abale a kumudzi amene akudziwa kuti muli m'tauni. Nthawi ya feteleza foni siikhala chete, ndipo ambiri amathamangira katapila pothawa manyazi onena kuti "ndilibe". (Pa Facebook ndiye musanene, aliyense kumeneko ali pa Gateway Mall.) Ntchito ya usiku nayo imasokoneza tulo ngakhale kwa munthu wopanda nkhawa.

Tsopano pa mbali ya kudwala. Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa muli wokhumudwa, osagona, osafuna kudya, zimene munkakonda osazifunanso, pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Matenda a maganizo si misala yokha, ndipo si onse amafunika kupita ku Zomba Mental. Konkuno ku Lilongwe kuli a St John of God amene amathandiza pa zimenezi. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, musadikire masabata awiriwo, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, akuperekezeni.

Mwalemba kuti akazi anu simunawauze poopa kuwadandaulitsa. Munthu amene mumagona naye nyumba imodzi anaona kale kuti mbale yanu ikubwerera ndi nsima. Auzeni madzulo ano musanapite kuntchito.