Akuti andichotse chiberekero, ndikuopa kuti sindikadzukako

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 43, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu, womaliza ali mu Sitandade 6. Ndimagulitsa kaunjika mumsika. Kwa zaka zitatu tsopano ndikapita kumwezi ndimataya magazi masiku 10 kapena kuposa, ena oundana ngati chiwindi. Popita kumsika ndimanyamula zitenje ziwiri zapadera, ndipo ndikakhala pansi ndimaopa kuimirira pali anthu. Mwezi watha ndinagwa ndi chizungulire ndikumasula belo. Kuchipatala atandijambula anapeza zotupa zambiri m'chiberekero, akuti ma fibroids. Mimba yanga ikuoneka ngati ya miyezi isanu moti ena amandifunsa kuti ndichira liti. Magazi anawapeza ali pa 7, anandipatsa mapiritsi. Adokotala akuti chofunika n'kuchotsa chiberekero, ndipo andipatsa tsiku, kwatsala milungu isanu.

Chichokereni kuchipatalako tulo sindikupeza. Mayi wina wa kumpingo kwathu analowa kufiyeta chaka chatha, sanatulukemo wamoyo. Ndikatseka maso ndimaona ana anga ali pamaliro. Apongozi anga akuti mkazi wochotsedwa chiberekero ndi mtsuko wobooka, sasunganso banja. Bambo a kunyumba angoti "zili kwa iwe," basi, sakuyankhulaponso. Mnzanga wina akuti akudziwa munthu wa zitsamba zosungunula zotupa. Kodi ndilakwa ndikapanda kupita tsikulo?

Mayi wodandaula, Blantyre

Mwanangu,

Ndiyambire pa 7 uja mwangomutchula modutsa. Magazi a mayi wathanzi amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Inu mukudzuka m'mamawa, kukwera minibasi, kukoka mabelo, kuphikira banja, ndi magazi ongopitirira theka pang'ono. Chizungulire chimene chinakugwetsani chija n'chifukwa chakuti mtima wanu ukuthamanga usana ndi usiku kuti magazi ochepawo afike paliponse. Usiku mukamasinkhasinkha zoopsa za opaleshoni, mukuiwala kuika pa sikelo zoopsa za kukhala mmene mulirimu. Mukapanda kupita tsikulo zotupazo zitsala, msambo ubwera mwezi wamawa monga mwa nthawi zonse, ndipo mwina tsiku lina mudzafikabe kufiyeta komweko, koma atakunyamulani pa machira, pakati pa usiku, popanda amene wakonzeka. Ndiye yankho la funso lanu n'lakuti musathawe. Koma sindikufuna mupite maso ali gwa ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe, tiyeni tikambirane bwinobwino.

Zotupa zanuzo si khansa. Zimamera kuchokera ku mnofu wa chiberekero chomwecho, ndipo amayi akuda ngati ife zimatigwira kwambiri kuposa azungu, zimayamba tikadali aang'ono komanso zimakula kwambiri. Palibe amene anakulodzani, ndipo si chilango cha chilichonse. Zimayamba kufota zokha mayi akasiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika cha m'ma 50. Kwa inu zingakhale zaka zina zisanu ndi ziwiri kapena kuposa mukutaya magazi motere. Thupi limene lagwa kale pa 7 silingadikire zaka zonsezo. Ilipo opaleshoni ina yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero. Imathandiza makamaka amene akufunabe kubereka, koma zotupa zikakhala zambiri imatayitsa magazi ochuluka, ndipo zimatha kumeranso. Muli ndi ufulu wonse wofunsa adokotala chifukwa chake kwa inu asankha kuchotseratu, ndipo akuyenera kukuyankhani mpaka mumvetse.

Za zitsamba ndinena mwachidule. Palibe chitsamba chimene chingasungunule zotupa zodzaza mimba ngati ya miyezi isanu. Zina zimapweteka chiwindi ndi impso, zina zimachititsa kuti magazi asagwirane msanga, chinthu choopsa kwa munthu wokachitidwa opaleshoni. Ngati mwalawako kale, musachite manyazi, kawauzeni kuchipatala.

Tsopano za imfa, poti ndi imene ikukulandani tulo. Sindikunamizani kuti opaleshoni ilibe zoopsa. Munthu atha kutaya magazi ambiri. Bala litha kulowa matenda. Chikhodzodzo ndi timitsempha totsitsa mkodzo kuchokera ku impso zinagundizana ndi chiberekero, choncho nthawi zina zimavulala, makamaka zotupa zikakhala zazikulu. Magazi atha kuundana mu mtsempha wa mwendo n'kuthamangira kumapapo. Imfa nayo imachitika, koma pa opaleshoni yokonzekera ngati yanuyi si kawirikawiri. Kuchotsa chiberekero ndi ntchito imene madokotala a amayi amaigwira mlungu ndi mlungu ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ngakhalenso m'zipatala za m'maboma. Simunanene chimene chinawatengera kufiyeta mayi a kumpingo aja. Nkhani zambiri zotere timangomva mathero ake pamaliro, osamva kuti munthuyo anafika magazi atatha kale m'thupi, kapena chiberekero chitang'ambika pobereka, kapena khansa itafalikira. Wofika choncho ndi wopatsidwa tsiku milungu isanu isanakwane sali pa mlingo umodzi. Komanso amayi amene anachitidwa n'kuchira sayenda akulengeza. Ndikukhulupirira kuti mumpingo mwanu momwemo alimo, mumaimba nawo limodzi, mwina mumadya nawo mbale imodzi pa zinkhoswe.

Mukuopa kuti simukadzuka. M'chipinda muja mumakhala munthu amene ntchito yake ndi imodzi yokha, kukhala kumutu kwanu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kuyang'anira kupuma kwanu, kugunda kwa mtima ndi BP. Amakupanitsani kachipangizo pa chala koonetsa mpweya umene uli m'magazi, ndipo kakangosintha kaliridwe iye wamva kale. Ena sawagonetsa n'komwe, amawabaya jakisoni wa pamsana, thupi limachita dzanzi kuchokera pachifuwa kutsika m'munsi, n'kutchinga nsalu kuti asaone. Funsani kuti inu akuchitirani njira iti. Ndipo akakuuzani kuti musadye kuyambira pakati pa usiku, mverani ndithu, ngakhale gadiyani atakumverani chisoni chotani. Chakudya chikakhala m'mimba chitha kubwerera n'kulowa m'mapapo munthu ali mtulo.

Ine ndinakhalapo gadiyani wa achemwali anga pa opaleshoni yomweyi. Usiku woti mawa alowa anandiitana pafupi, anamasula pa mfundo ya chitenje kiyi wa sutikesi yawo n'kundipatsa, kenako anayamba kundiwerengera anthu amene anali nawo ngongole, mmodzimmodzi. Ndinadziwa kuti akutsanzika. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khitchini ya magadiyani. Mawa lake masana anawabweza pa wodi milomo itauma, dripi ili pamkono, kapaipi ka mkodzo kali m'mbali mwa bedi, ndipo mawu oyamba anali ofunsa ngati ana adya. Tsiku lotsatira anamwino anabwera kudzawadzutsa kuti ayende. Ine mtima unandipweteka, munthu wosokedwa dzulo! Anayenda chowerama ngati gogo, atagwira pamimba ndi dzanja limodzi, lina atandikolowekera pakhosi, mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Anamwinowo anandifotokozera kuti kuyendako ndi kumene kumaletsa magazi kuundana m'miyendo ndiponso kumadzutsa matumbo. Patatha miyezi itatu ndinawaona achemwali atakhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, atavala siketi yoyera, mapemphero onse osatembenuka kudziyang'ana kumbuyo. Anali atatha zaka asakuyerekeza kuvala choyera.

Milungu isanu imene mwapatsidwayi ndi chuma, muigwiritse ntchito. Mapiritsi owonjezera magazi muzimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Amadetsa chimbudzi ndipo ena amawadzimbitsa, zimenezo zisakuchititseni kusiya. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kutenga mphamvu ya mankhwalawo, bola madzi, ndipo mukapeza lalanje n'kwabwino koposa. Pambale pazikhala nyemba, usipa, bonongwe, chisoso, ndi chiwindi pamene thumba lalola. Tsiku lisanafike akuyezeninso magazi. Funsaninso ngati akusungirani magazi oti akupatseni zikavuta. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu, moti nthawi ya holide magazi amasowa m'zipatala, ndipo mwina abale angafunike kupereka. Kambiranani nawo lero, tsikulo lisanafike. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, kapena mumamwa ma ARV ngakhale aspirin, nenani zonse, ndipo musasiye mankhwala aliwonse pa nokha asanakuuzeni. Chinanso, dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Pemphani akuyezeni khomolo opaleshoni isanachitike, ndipo mufunse ngati nalo alichotsa. Akalisiya, kuyezetsa kudzapitirira.

Tibwere kwa apongozi ndi mtsuko wawo. Mawu amenewo ndi opweteka, ndipo ndi abodza. Chimene chimachotsedwa ndi thumba limene mumagona mwana. Njira ya abambo imatsala mmene inalili, kumtunda kwake amasokako bwinobwino, sipatsala dzenje lililonse. Chilakolako ndi chinyezi cha mayi sizichokera m'chiberekero. Timatumba ta mazira, timene timatulutsa mphamvu zachikazi m'thupi, kwa mayi wa msinkhu wanu kawirikawiri amatisiya ngati tili bwino, ndipo mukhalabe mmene mulili, kungoti kusamba kutha ndipo simudzatenganso pakati. Akatichotsa pa chifukwa china, mungayambe kumva kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta usiku ndi kuuma, koma zimenezo zili ndi chithandizo chake. Limeneli ndi funso loti mulifunse musanasayine. Ndipo ndikufunseni, mwanangu, kodi m'nyumba mmene mayi akutaya magazi masiku 10 mwezi uliwonse, wotopa, womva kuwawa, zakuchipinda zikuyenda bwanji panopa? Amayi ambiri amati zinthu zinabwerera mwakale atachira. Chachikulu n'kudikira milungu yosachepera isanu ndi umodzi, mpaka adokotala atavomereza, ndipo bambo alimve okha lamulo limeneli kuchokera pakamwa pa adokotala.

Kukhala chete kwa bambowo musafulumire kukutenga ngati kusakukondani. Amuna ambiri akachita mantha amatseka pakamwa. Naye wamva za mayi a kumpingo aja, naye akumva zimene mayi ake akunena, ndipo mwina akuopa kuti akati "pita" zinthu n'kuvuta, abale anu adzamuloza chala. Koma "zili kwa iwe" sikokwanira kwa munthu amene munalumbira naye. Muuzeni poyera, ana atagona, kuti mukuchita mantha ndipo mukufuna akuperekezeni kukaonana ndi adokotala. Akafunse yekha zimene zikumuvuta, ngakhale zochititsa manyazi, madokotala anazimva kale zonsezo. Safunsa anadya phula. Za apongozi musalimbane nawo nokha, woyenera kuwayankha ndi mwana wawo. Zikapitirira, ankhoswe alipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Koma chikalata chovomereza opaleshoni wosayina ndinu, chifukwa thupi ndi lanu ndipo wogwa ndi chizungulire mumsika munali inu.

Ngati mtima ukuwawa chifukwa chotaya chiberekerocho, lirani ndithu, si kupusa. Ana anu atatu anagona mmenemo.

Konzaninso za pambuyo pake, poti amayi ambiri amadzipweteka okha akabwerera kunyumba. Kuchipatala mungakhaleko masiku atatu mpaka asanu, koma kuchira kwenikweni kumatenga milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu. Nthawi yonseyo palibe kusenza ndowa, kusinja, kuchapa mabulangete kapena kukoka belo. Pezani wokhala pa benchi yanu kumsika, pezani m'bale wodzakhala nanu pakhomo, ndipo ngati muli mu banki m'khonde auzeni anzanu msanga. Mukadzamva thupi kutentha, bala kutulutsa mafinya, magazi kutuluka ambiri, mkodzo kukanika kapena kumangotuluka wokha, katumba wa mwendo kutupa ndi kuwawa, kapena kubanika, musadzadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Usiku tulo tikathawa, musamagone chagada kuonerera maliro anu. Yatsani nyali, tengani kope la mwana, lembani funso lililonse limene labwera m'mutu, ngakhale looneka lachibwana. Mukatha pempherani, ndipo mupemphe mayi mmodzi wa kumpingo amene mumamukhulupirira kuti aziyenda nanu m'milungu imeneyi. Ana auzeni zoona molingana ndi misinkhu yawo, kuti amayi akukachotsedwa chotupa chimene chimawadwalitsa ndipo akagona kuchipatala masiku angapo, asamve kwa anthu a panjira. Mlungu uno pitani kuchipatala ndi kopelo, buku lanu la chipatala, ndi bambo a kunyumba. Mukatuluka m'chipatala mudzandilemberenso, ndikufuna kudzamva mmene mwayendera.

Azakhali