Kodi fupa limasweka kapena limathyoka?

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti: "Mwana wanga anagwa mumtengo wa mango. Nditanena kuti fupa la mkono lasweka, apongozi anga anandiseka, amvekere, 'Kodi ndi mbale?' Ndinalakwitsa pati?"

Mayi, apongozi anuwo musawakwiyire, khutu lawo ndi lakuthwa. Pa Chichewa, chinthu chachitali chimathyoka: ndodo, nzimbe, mpini wa khasu. Chinthu chonga chotengera chimasweka: mphika, chikho, dzira. Ngakhale mwambi uja umati fupa lokakamiza limaswa mphika. Choswekacho ndi mphika, fupa lili phee.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti makolo athu anasiyanitsa mawuwa asanaonepo ekisire, koma analondola. Fupa la mkono kapena la ntchafu lili ngati nsungwi, lolimba kunja, la mphako mkati momwe mumakhala mafuta. Limapirira kwambiri likamapanikizidwa kusiyana ndi likamakokedwa. N'chifukwa chake munthu amasenza thumba la chimanga miyendo osadandaula, koma fupa lomwelo likapindidwa mwadzidzidzi limagonja. Mudzaonetsetse pothyola nzimbe pabondo: imayamba kung'ambika mbali yomwe yatalikirana ndi bondo, mbali yokokedwayo. Fupa limateronso. Kumeneko ndiye kuthyoka.

Tsono mwa mafupa 206 a munthu wamkulu, si onse ali ngati nsungwi. Chigaza ndi chikho, ndipo munthu akamenyedwa ndi mwala timati wasweka mutu, palibe anganene kuti wathyoka mutu. Fupa likapondedwa ndi galimoto n'kukhala zidutswazidutswa, laphwanyika. Likangochita mzere osalekana, lang'aluka. Nanga mawu onsewa tili nawo, bwanji anyamata a masiku ano akuti "ndapanga fulakicha"? Ndinamvapo wina akunena zimenezi mu minibasi, mwendo uli m'chikhakha, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Fulakicha imodzi yomweyo yameza kuthyoka, kusweka, kuphwanyika ndi kung'aluka, kenaka tizidzati Chichewa n'chosauka mawu!

Za mwana wanuyo ndinganenenso kuti mwina fupalo silinathyoke n'kulekaniratu. Fupa limapangidwa makamaka ndi zinthu ziwiri, ulusi wofewa wotchedwa kolajeni ndi mchere wouma wa kashiamu ndi fosiforasi. Tili kusukulu tinaviikapo fupa la nkhuku mu viniga kwa masiku angapo, ndipo linkapindika ngati lamba chifukwa mcherewo unali utasungunuka. Lina tinaliwotcha pamakala, linangofumbutuka m'manja poti ulusiwo unapsa. Fupa la mwana ndi lofewerapo, choncho nthawi zambiri limathyoka ngati nthambi yaiwisi, mbali imodzi yokha, inayo n'kungopindika. La agogo limathyoka ngati nkhuni youma, kuti thyo, ndipo limachedwa kulumikizana.

Popeza mwandiputa, ndionjezepo za liwu lakuti fupa. Agogo anga aakazi ankati pfupa, monga Ashona a ku Zimbabwe amanenera mpaka lero. Aswahili amati mfupa, Ayao liupa. Atumbuka ndiwo anatenga njira yawo ndi chiwangwa. Ena amafuna kuligwirizanitsa ndi kufupa, kupereka mphotho, ati chifukwa galu wosaka bwino amamuponyera fupa. Ndi nkhani yokoma pamowa, koma ine ndikukana. Liwu lomwe lafalikira kuchokera ku Zanzibar mpaka ku Harare silingabadwe pa galu wa mlenje mmodzi.

Choncho mayi, kwa apongozi muziti mkono wathyoka. Mukadzapita kuchipatala n'kumva adokotala akuti fupa lasweka, musawakonze pomwepo, dikirani ayambe amanga chikhakhacho.