Kodi mayeso a 8-OHdG angandiuze ngati ndidzadwala khansa ya m'mawere?

Mayi wina wa zaka 44 amene akukhala ku Johannesburg wandilembera kalata yofunsa ngati n'koyenera kulipira mayeso a mkodzo otchedwa 8-OHdG, omwe wogulitsa mavitamini wamuuza kuti amasonyeza ngati khansa ya m'mawere ikubwera. Amayi ake anamwalira ndi matendawa, ndipo iye mwini wamva kachotupa kubere lakumanzere. Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo sindinatione, chifukwa inandikumbutsa azakhali anga.

Azakhali anamva chotupa chawo akusamba, cholimba ngati njere ya nzama, ndipo poti sichinkapweteka anati ndi mtsempha chabe. Mnzawo wina anawabweretsera mabotolo a makapisozi ndi ufa wosungunula m'madzi, nawauza kuti thupi lawo lachita dzimbiri mkati ndipo mankhwalawo atsuka magazi. Anagulitsa mbuzi ziwiri, kenako matumba a mtedza omwe anasungira mbewu. Mpaka lero ndimawaona mabotolo aja atandandalikidwa pawindo la kuchipinda, ataphimbidwa ndi kansalu koluka kuti fumbi lisawagwere. Pamene ndinawaperekeza kuchipatala patatha miyezi 14, khungu la bere linali litakhakhala ngati khoko la lalanje, ndipo m'khwapa munali mwanabere wolimba amene sankasuntha. Anamwalira chaka chisanathe, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mawu aja onena za dzimbiri sanali bodza lenileni: anali choonadi chimene chinagwiritsidwa ntchito molakwika.

Dzimbiri limenelo lilipodi. Maselo athu akamagwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu, pamatuluka tizinthu tolusa timene timawononga mafuta, mapulotini ndi DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'selo lililonse), monga momwe peyala lodulidwa limadera likakhala pamphepo. Pa zilembo zinayi zimene DNA imalembedwa nazo, A, C, G ndi T, chimene chimagwidwa msanga ndi G, ndipo chikawonongeka chimasanduka 8-OHdG, imene akatswiri awiri a ku Tokyo, Hiroshi Kasai ndi Susumu Nishimura, anaifotokoza mu 1984. G wowonongekayo amatha kugwirizana ndi A m'malo mwa C, choncho selo likamagawikana, pamalo pamene panali G pamalembedwa T, ndipo zolakwika zoterezi zikagwera m'majini oletsa selo kuchulukana mwachisawawa, khansa imapeza poyambira. Komabe thupi silingokhala chete: lili ndi amisiri ake, monga enzyme (pulotini yogwira ntchito m'selo) yotchedwa OGG1, imene imadula chilembo chowonongekacho kuti paikidwe chabwino, ndipo zinyalala za ntchito yokonzayo zimatuluka mumkodzo. Kubere nkhaniyi ili ndi kulemera kwapadera, chifukwa homoni yachikazi ya estrogen ikamaphwanyidwa m'thupi imatulutsa tizinthu tina towonjezera kuwonongekako. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Donald Malins wa ku Seattle anapeza kuti DNA ya m'zotupa za khansa ya m'mawere inali ndi zipsera zoterezi zambiri kuposa ya m'mawere abwinobwino.

Apa ndi pamene ogulitsa amalekezera nkhani, koma ofufuza anapitiriza. Ku Denmark, kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti amayi osiya kusamba omwe anali ndi 8-OHdG yambiri mumkodzo anali ndi chiopsezo chokwererapo pang'ono, makamaka cha khansa yodalira estrogen. Ku Oulu m'dziko la Finland, mu 2010, ofufuza anapeza chinthu chooneka ngati chotsutsana nacho: odwala omwe anali ndi 8-OHdG yochepa m'magazi ndi m'chotupa ndiwo anali ndi khansa yaukali kwambiri. Taganizani nokha, mayi, kuti nambala yaikulu mumkodzo ingatanthauze kuti DNA ikuwonongeka kwambiri, ingatanthauzenso kuti thupi likukonza mwakhama. Imakwera mwa osuta fodya, imasintha ndi matenda a shuga, kutupa kulikonse m'thupi ngakhalenso ntchito yolemetsa, ndipo siinena ngati zinyalalazo zachokera kubere, kuchiwindi kapena m'mapapo. N'chida chabwino poyerekeza magulu a anthu mazanamazana pa kafukufuku, koma sichingaweruze bere la mayi mmodzi. Ndikunena mosabisa kuti aliyense wogulitsa mayesowa kwa mayi amene ali ndi chotupa, ngati njira yodziwira khansa, akumubera ndalama ndiponso nthawi, ndipo pa ziwirizi nthawi ndiyo sibwezedwa.

Nanga mavitamini aja?

Maganizo akuti ukamwa mankhwala oletsa dzimbiri ndiye kuti wapewa khansa anayesedwa kale pa anthu ambirimbiri, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa ofufuza enieniwo. Mu 1994, kafukufuku wa ATBC ku Finland anasonyeza kuti amuna osuta fodya omwe ankamwa beta-carotene, amodzi mwa mankhwala oletsa dzimbiriwo, anadwala khansa ya m'mapapo ndi 18 peresenti kuposa anzawo. Wina wa ku America wotchedwa CARET anaimitsidwa nthawi isanakwane mu 1996 pa chifukwa chomwecho, ndipo mu 2011 kafukufuku wa SELECT anapeza kuti vitamini E anakweza chiopsezo cha khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo) ndi 17 peresenti. Maselo a khansa nawonso amafuna chitetezo ku dzimbiri, ndipo mankhwala ena a khansa pamodzi ndi chithandizo chowotcha chotupa amagwira ntchito powononga DNA ya maselowo mwadala, n'chifukwa chake madokotala amachenjeza odwala za makapisozi otere. Bonongwe, chisoso, mango ndi magwafa zidyeni ndithu, chepetsani mowa ndipo fodya musamuyandikire, koma musayembekezere kuti botolo lisungunula chotupa.

Ndimakwiyanso ndi chizolowezi chathu chonong'onezana za bere ngati chinthu chochititsa manyazi, chifukwa azakhali anauza mnzawo wogulitsa uja miyezi yambiri asanauze mwana wawo aliyense. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansayi ndipo okwana 670,000 anamwalira, ndipo limalimbikitsa kuti mayi akafika kuchipatala ndi chizindikiro, kuyeza konse kuthe pasanadutse masiku 60.

Tsono mayi, ndalama ya mayeso a mkodzo isungeni ikhale yoyendera. Pitani kuchipatala sabata ino, dokotala akagwire chotupacho, akakuunikeni ndi mammogram (ekisile ya mawere) kapena sikani, ndipo ngati pafunika akatenge kanyama kokayeza, pakuti ndiko kokha kumatsimikiza. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Mukawauzenso zaka zimene amayi anu anali nazo pamene anadwala, kuti aone ngati mukufunika kuyezedwa majini a BRCA1 ndi BRCA2, omwe akakhala ndi vuto lotengera kumtundu amakweza chiopsezo cha khansayi.