Ndikufuna ntchito ya ukonsaltanti wa maphunziro, ndiyambire pati?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wafunsa motere: "Ndimaphunzitsa sitandade 2, ndinadzera IPTE (maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale) ndipo pano ndikupanga digiri. Kusukulu kwathu kumabwera anthu a mapulojekiti kudzayesa ana kuwerenga ndi masamu, akuti ena mwa iwo amaphunzitsanso malekichala a ku TTC (makoleji ophunzitsa aphunzitsi). Ntchito imeneyi amalowa bwanji? Komanso ahedi akufuna andisamutsire ku sitandade 8, ndivomere?"

Madamu, ndiyambe ndi la ahedilo. Ngati mtima wanu ulidi pa ntchito imeneyi, ku 8 musapiteko kaye. Ndikudziwa m'masukulu mwathu kupatsidwa infanti ambiri amakuona ngati kunyozedwa, ulemu uli ku siniya komwe kuli mayeso a MANEB, koma chomwe a mapulojekiti amasowa ndi munthu woti anaimadi kutsogolo kwa ana opitirira 100 nkuwachotsa pa a e i o u kuwafikitsa powerenga chiganizo. A digiri ya masitazi alipo ambiri mtauni, koma oti anagwirapo choko mu sitandade 1 ndi ochepa.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Boma linayamba National Reading Programme mu 2016, ya sitandade 1 mpaka 4, Chichewa ndi Chingerezi, mothandizidwa ndi USAID, kenako kunabwera ina yokonzanso kaphunzitsidwe ka masamu ndi thandizo la boma la Britain. Zikasintha chonchi kukalasi, ku TTC nakonso kuyenera kusintha, apo ayi wophunzira uphunzitsi amatuluka ku Kasungu kapena Machinga TTC ali ndi njira ina nkukapeza buku la mphunzitsi likunena zina. Ndiye mabungwe omwe apatsidwa ndalamazo amalemba anthu aganyu kuti akhale pansi ndi a MIE ku Domasi (bungwe lokonza masilabasi) ndi a DTED (nthambi ya unduna yoona za maphunziro a aphunzitsi) kulemba ma module, kuphunzitsa malekichala, kutsatira ma student ku teaching practice, kuyesa ana, nkulemba malipoti. Konsaltanti ndi ameneyo, waganyu wa masiku owerengeka, kungoti ganyu yake ndi ya mutu.

IPTE ndi zaka ziwiri zokha, ndipo mwa materemu 6 awiri amathera kusukulu komwe munthu watumizidwa. Nthawi yochepa imeneyo wophunzira amatha kuloweza bwinobwino kuti timayamba ndi maliwu, kenako maphatikizo, mawu, ziganizo, mayeso nkukhoza. Koma mpatseni mwana amene "akuwerenga" tsamba lonse maso ali kudenga chifukwa analoweza ngati nyimbo, inu mukaloza mawu amodzi pakati iye ziii, apo amasowa chochita. Masamunso chimodzimodzi, mwana amayimba 1 mpaka 100 osapunthwa koma mumuuze akupatseni zitsekerero za mabotolo 7, akupatsa 9, kapena 13 akulemba 31. Inuyo ana amenewa mumawadziwa ndi mayina omwe, ndipo mukudziwa chomwe munachita kuti asinthe. Chimenecho ndiye malonda anu.

Koma pakamwa pokha palibe angakukhulupirireni. Yambani teremu ino, tengani kope. Sankhani ana pang'ono, aliyense awerenge kankhani kwa mphindi imodzi inu mukulemba chiwerengero cha mawu omwe wakhoza, ndi momwenso amachitira pa mayeso aja amati EGRA, ndipo a masamu amati EGMA. Bwerezani kumapeto kwa teremu, lembani zomwe munasintha. Mayina a ana musawaike pa zomwe mudzaonetse anthu. Project ya digiri yanunso ikhale pa zomwezi, osati kungotenga mutu uliwonse kuti bola ndimalize.

Makwerero ake kawirikawiri amayambira pafupi. Dziwikani kwa a PEA (mlangizi wa masukulu a mu zoni yanu), pemphani kutsogolera CPD (maphunziro osula aphunzitsi omwe ali kale pantchito) pa TDC (likulu la zoni komwe aphunzitsi amakumana), landirani ma student ngati mentor, ndipo mukaona akufuna otolera data lembani kalata yofunsira ntchitoyo ngakhale ndalama yake ndi yochepa, poti kumeneko ndi komwe mumaphunzira tabuleti ndi kudziwana ndi anthu. Digiri ikatha yesani ulekichala wa ku TTC. Masitazi, kaya ku UNIMA kaya ku Mzuni, idzafunika ndithu chifukwa ma advert ambiri a ukonsaltanti amaitchula, koma isakhale yoyamba. Chingerezi cholemba ndi Excel musazinyoze, lipoti losokonekera limathamangitsa kasitomala ngakhale ntchito munaigwira bwino.

Za ndalama ndinene mosabisa. Ya tsiku limodzi imaoneka yonona, anthu amatengeka ndi magalimoto ndi ma alawansi a m'mawekishopu, koma ntchitozi zimadalira ma donor. Mu 2025 boma la America litatseka USAID mapulojekiti ambiri anaima mwadzidzidzi, anthu anzeru zawo nkukhala pakhomo miyezi. Ndiye ntchito ya boma musaisiye chifukwa cha kontirakiti ya masabata atatu. Ganyu ikapezeka pemphani chilolezo kwa akuluakulu anu mwa dongosolo, makamaka ikhale ya pa holide ana asatsale okha, tengani TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA chifukwa amadula msonkho asanakupatseni, ndipo musayambe ntchito musanaone pepala losonyeza masiku, malipiro ndi tsiku lolipira.