Musalipire ajenti musanayezetse PD-L1

Achemwali, mwafunsa za ajenti amene akufuna ndalama kuti atumize mayi anu ku India kukalandira mankhwala a khansa. Ajenti ameneyo musamutumizire ngakhale tambala mayi anu asanayezedwe PD-L1, kuyeza kwa chotupa kothandiza kudziwa ngati mankhwalawo angawagwire. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa mkulu wanga nayenso inali khansa ya khomo la chiberekero yofalikira kale, ndipo nafenso anatilozera ku India komweko.

Mankhwala ake ndi pembrolizumab, pabokosi amalemba Keytruda. Amapereka pa dripu milungu itatu iliyonse. Iwo sapha khansa mwachindunji ngati chemo. Khansa imapusitsa asilikali a m'thupi kuti asaiukire, ndiye mankhwalawa amawamasula kuti aimenye okha, n'chimene amati immunotherapy. Vuto ndi loti akamasuka amatha kumenyanso matumbo, mapapo kapena chithokomiro cha mwini wakeyo. Zimenezi ajenti wathu sanazitchule n'komwe. Iye zake zinali "achira ndithu, tumizani ndalama lero".

Titabwerera kumudzi kuchokera ku India atalandira mankhwalawo, usiku wina mkulu wanga anayamba kutsegula m'mimba kosalekeza, mpaka magazi. Zitenje zonse zinathera pansi, beseni lili pambali pa bedi, milomo itauma gwa, kuyimirira osatha. Tinamunyamula pa matola mbandakucha. Kuchipatala anangoti wadya zoipa kapena ndi kolera, n'kumuika dripu ya madzi ndi ma antibayotiki. Ndinawaonetsa chikalata cha ku India, namwino anangochikankhira pambali, amvekere "mayi, musatiphunzitse ntchito". Ndinalira pakhonde ngati mwana. Ajenti uja foni yozimitsa, uthenga pa WhatsApp osayankha, chikhalirecho anadya komishoni yake. Mulungu amuone yekha. Anatipulumutsa ndi dokotala wina wachinyamata amene anawerenga chikalatacho bwinobwino n'kunena kuti matumbo atupa chifukwa cha mankhwala omwewo, n'kumuyamba ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Akanachedwa tsiku lina, tikanaika maliro.

Ndiye kunalinso azakhali ena ndi mabotolo awo a "immune booster", ati ndi immunotherapy yomweyo yotchipa. Bodza limenelo, musamwetse mayi.

Komabe ine ndikuti pitani. Chotupa cha mkulu wanga chinachepa, lero akupita yekha kumsika. Koma dziwani kuti si onse amene mankhwalawa amawagwira, ena amataya chuma chonse osaona kusintha. Yambani mwakumana ndi madokotala a khansa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens, akulembereni kalata, chipatala cha ku India mulankhule nacho nokha. Funsani mtengo wa ulendo wonse chifukwa mankhwalawa amatha kupitirira mpaka zaka ziwiri, si dripu imodzi ayi. Malo a makolo musagulitse mwaphuma, ngakhale ife tinagulitsa ndipo zitabweranso ndingagulitsenso.

Chikalata cha mankhwala chizikhala m'chikwama cha mayi nthawi zonse. Akangoyamba kutsegula m'mimba, kubanika kapena kutsokomola kwachilendo, thamangani usiku womwewo ndipo muumirire kuti dokotala achiwerenge.